Giza ya nyumba imene imakhala yokhoma chaka chonse, kodi tingangoyatsa n'kusamba?

Funso ili latumizidwa ndi mayi wina amene akukhala ku Nottingham, ndalidulako pang'ono:

"Bambo, ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba kuno ku UK. Kuntchito kwathu sabata iliyonse pamakhala munthu woyenda m'zipinda zopanda anthu, kutsegula mipope ndi mashawa, kuyeza kutentha kwa madzi n'kulemba m'buku, akuti kuopa Legionella. Ndiye zandipatsa maganizo. Tinamanga nyumba ku Area 49 ku Lilongwe, ili ndi giza ya malita 150 mu siling'i komanso thanki ya pulasitiki panja. Timabwera mu December basi, miyezi ina yonseyi nyumba ndiyokhoma ndipo giza ndiyozimitsa, kumangokhala mnyamata wogona ku boys quarter. Tikafika timangoyatsa n'kusamba, ndipo mayi anga a zaka 74, odwala shuga, amabwera kudzakhala nafe. Kodi ndikuwaika pachiswe? Ndiziisiya yoyaka chaka chonse kapena nditani?"

Zikomo achemwali, ndipo choyamba mtima m'malo. Anthu ambirimbiri amachita zomwe mukuchitazi chaka ndi chaka osadwala, matenda obwera ndi Legionella si ofala ngati malungo ayi, komanso giza imodzi ya panyumba siyingafanane ndi mapaipi a kuntchito kwanuko omwe amazungulira chinyumba chonse mpaka zipinda makumi angapo. Koma sindikunamizani kuti palibe nkhani, chifukwa kwanuko zinthu zitatu zakumana pamodzi: madzi ogona miyezi 11, denga la malata a ku Lilongwe, ndi agogo a shuga. Ubwino wake kukonza kwake sikodula, kumangofuna munthu wochita zinthu mwadongosolo masiku awiri kapena atatu musanatsike ndege.

Mabakiteriya a Legionella amenewa anadziwika mu 1976 ku Philadelphia ku America, pomwe asilikali opuma a bungwe la American Legion anachita msonkhano pa hotela ina, atabwerera kwawo anayamba kudwala chibayo chodabwitsa, anthu oposa 200 anadwala ndipo 34 anamwalira. Madotolo anadzapeza chomwe chinayambitsa kumayambiriro kwa 1977. Tizilomboti timapezeka kale m'mitsinje, m'nyanja ndi m'dothi lonyowa koma timakhala tochepa moti sitivulaza munthu, vuto limayamba tikalowa m'mapaipi mwathu n'kupeza pofunda pomwe madzi sakuyenda, apo ndiye timaswana.

Ndiye apa mvetsetsani chifukwa ambiri amasokoneza. Matendawa munthu satenga chifukwa wamwa madziwo, kupatula ngati watsamwa madzi n'kulowa kumapapo, zomwe zimachitika kwa okalamba ena ovutika kumeza. Njira yake yeniyeni ndi kupuma. Shawa ikamathira imapanga timadontho ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso toyandama mumpweya wa m'bafa, inu mukupuma momwemo chitseko chotseka, ndiye timadontho timeneto ndi tomwe timanyamula tizilombo mpaka m'mapapo. N'chifukwa chake kuntchito kwanuko amalimbana kwambiri ndi mashawa. Komanso si matenda oti mupatsirana m'nyumba ngati chimfine, agogo sangatengere kwa inu, atengera kubafa.

Nkhani yonse yagona pa kutentha kwa madzi. Madzi akakhala pansi pa madigiri 20 tizilomboti timangogona, sitifa koma sitiswana. Kuyambira 20 mpaka 45 ndiye pachikondwerero, makamaka cha m'ma 35 mpaka 37, kutentha kwa thupi la munthu komweku. Pa 50 timayamba kufa koma pang'onopang'ono, zimatenga maola. Pa 60 tambiri timafa m'mphindi zochepa, pa 70 ndi nthawi yomweyo. Malangizo a bungwe la HSE loona za umoyo ndi chitetezo pantchito ku Britain komweko, omwe abwana anu akutsatira, amati madzi asungidwe pa 60 m'giza, pampope afike 50 pasanathe mphindi imodzi mutatsegula, ozizira akhale pansi pa 20, ndipo mipope yosagwiritsidwa ntchito izitsegulidwa sabata iliyonse.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Munthu wa ku Nottingham akazimitsa giza yake n'kuchoka, nyumba imazizira, miyezi yambiri ya chaka madzi aja amatsika okha kufika pomwe tizilombo timangogona. Kwathu kuno sizili choncho. Giza zathu zambiri ndi zija zogona chammbali zochokera ku South Africa, timaziika mu siling'i pansi penipeni pa malata, ndipo aliyense amene anakwerapo mu siling'i mu October masana akudziwa kuti simupirira mphindi khumi, thukuta kamukamu. Giza ili ndi chofunda chake mkati mwa chikopa chakunjacho, ndiye madzi sakwera n'kutsika ndi dzuwa tsiku lililonse, amangokhazikika pakatikati, ofunda usana ndi usiku, kuyambira September mpaka mvula itagwa. Kunena kwina, giza yozimitsa ya ku Area 49 si giza yozizira ayi, ndi giza yofunda, ndipo imafika pachimake pofunda miyezi yomweyo inu musanabwere mu December. Kwa anzathu a ku Salima, Mangochi, Karonga kapena Chikwawa ndiye osanena. Zili ngati mkaka, mufiriji ukhala, mukauwiritsa ukhala, koma usiyeni pawindo masana muone.

Kuwonjezera apo klorini amene amabwera ndi madzi a water board sakhalitsa, pakangopita masiku ochepa madzi ali phee amakhala watha. Pansi pa giza pamadikha matope, dzimbiri ndi zoyera zija zokakamira pa elementi yotenthetsa madzi ija, makamaka ngati madzi ndi a pa borehole, ndipo m'kati mwa mapaipi mumamera kandere koterera kamene mungakamve ndi chala mukamasula mutu wa shawa. Mu kandere kameneko mumakhala tizilombo tina totchedwa amoeba, ndipo Legionella amalowa m'kati mwa timeneti n'kumaswana momwemo motetezeka. N'chifukwa chake kungotsegula mpope masekondi khumi n'kuona kuti madzi ndi oyera sikutanthauza kanthu. Madzi okhala ndi tizilomboti sanunkha, sasintha mtundu.

Ena amandiuza kuti giza yawo ikakhalitsa imatulutsa fungo la mazira owola, ndiye amaganiza kuti ndi Legionella. Ayi, amenewo ndi mabakiteriya ena amene amagwirizana ndi kandodo kachitsulo kotchedwa anode kamene kali m'kati mwa giza kuti dzimbiri lizidya iko m'malo modya thanki. Fungolo palokha si matendawa, koma likukuuzani kuti madzi agona nthawi yaitali pofunda, ndiye chenjezo ndi lomwelo.

Mwafunsa ngati muziisiya yoyaka chaka chonse. Ine sindingakulangizeni zimenezo. Giza yoyaka imadya yuniti imodzi kapena awiri tsiku lililonse ngakhale palibe wotsegula mpope, kungobwezeretsa kutentha kotayika, ndiye muwerengere miyezi 11. Chachiwiri, giza ikaphulika kapena valavu ikayamba kudontha mu siling'i nyumba ili yokhoma, mudzapeza siling'i ili pansi ndi masofa atawola, ndakonzapo nyumba zotero ndipo eni ake amalira ndi ndalama za matabwa ndi penti kuposa za gizayo. Chachitatu, ndipo ichi ndi chomwe anthu amaiwala, giza yotentha imateteza madzi a m'giza mokha, madzi amene aima m'paipi yochoka pa giza kupita ku shawa amakhalabe ofunda osayenda, ndipo ndi omwewo oyamba kukuthirani kumaso. Mayunitsi akatha mnyamata osakuuzani, kapena magetsi akamazimazima, ndiye mwalipira ndalama koma mwapezabe madzi ofunda omwe timathawa aja.

Njira zenizeni zilipo ziwiri, ndipo kusankha kwake kukudalira kuti mnyamata wanuyo mumamukhulupirira bwanji.

Ngati ndi munthu woti mukamuuza chinthu amachitadi, ndipo muli okonzeka kumupatsa makiyi a nyumba yaikulu, achite zomwe amachita kuntchito kwanuko. Tsiku limodzi pa sabata ayatse giza, aisiye mpaka itenthe kufika pomwe thermostat, kachipangizo koyang'anira kutentha kwa madzi, imadula yokha, papitenso ola limodzi, kenako atsegule mpope uliwonse wa madzi otentha ndi ozizira mphindi zingapo, kukhitchini, mabafa onse, ngakhale ka sinki ka m'chipinda cha alendo kamene aliyense amakaiwala, agejemule matoileti, azimitse. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo ndi elementi ya 3kW zimatenga maola awiri ndi theka kapena kuchepera pang'ono, ndiye pamwezi ndi mayunitsi cha m'ma 30. Koma chonde mumuuze momveka kuti zoyatsa mphindi 30 n'kuzimitsa pofuna kusunga mayunitsi ndi zoipa kuposa kusayatsa n'komwe, chifukwa akungowafunditsira tizilombo madzi. Ngati mukukayika kuti mayunitsi mukutumizawo azithera ku hotplate ya ku boys quarter, siyani njira imeneyi.

Njira yachiwiri, yomwe ine ndingasankhe nyumba ikakhala yokhoma nthawi yaitali chonchi, ndi kukhuthula. Pochoka mu January muzimitse giza pa bolodi ya magetsi, mumatepo ka tepi n'kulemba kuti osayatsa, mutseke valavu yolowetsa madzi, pulamba atsegule kampope kokhuthulira kali pansi pa giza madzi onse atuluke limodzi ndi matope ake, mutsegule mipope yonse mapaipi akhe, mumasule mitu ya mashawa ndi mapaipi ake ofewa aja muziyanike n'kusunga mu kabati. Tepiyo si yamasewera, elementi ikayatsidwa m'giza mopanda madzi imapsa nthawi yomweyo. Dziwaninso kuti giza siyiuma gwa, pansi pamatsalabe timadzi, ndiye kukhuthula kumachepetsa vuto kwambiri koma sikukuchotserani ntchito ya pobwera.

Ntchito ya pobwerayo ndi yomwe ili yofunika kuposa zonse, kaya munakhuthula kaya simunakhuthule ngati chaka chino. Ichitike masiku awiri kapena atatu musanafike, ndipo woichita asakhale wokalamba, wosuta fodya kwambiri kapena wodwaladwala. Ayambire kuthanki ya panja, chifukwa palibe phindu kutsuka giza n'kuidzazanso ndi madzi ogona chaka pa dzuwa. Aikhuthule, aone ngati chivundikiro chili bwino, muli abuluzi kapena masamba, atsuke matope a pansi, adzaze madzi atsopano. Akalowa m'nyumba atsegule mawindo onse a kubafa, amasule mitu ya mashawa kuti madzi azituluka ngati pampope wamba osamwazika, ngati mutu sukumasuka aumange ndi jumbo yoboola pakona kuti madzi azitsikira pansi mwakachetechete. Atsegule pang'onopang'ono, osati mwamphamvu, ndipo atuluke m'bafamo madzi akutayika. Atavala mask ija tinazolowera nthawi ya Covid ndi bwinonso, ngakhale ya nsalu siyitchinga timadontho tonse.

Kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: giza imene yakhala ndi madzi osagwiritsidwa ntchito milungu iwiri kapena kuposa imatha kusunga mpweya wa hydrogen wochokera ku anode ija, ndipo umayaka. Ndiye potsegula mpope wa otentha koyamba, mukamva kukhosomola ndi kulavula mpweya, pasakhale wosuta fodya kapena kandulo pafupi.

Madzi a mbali yotentha atayike, giza ili chizimire, mpaka onse akale atasinthika, kwa malita 150 ndi mphindi 15 kapena 20 kutengera mphamvu ya madzi kwanuko. Ndikudziwa bilu ya madzi imawawa, ndiye akhoza kutungira m'migolo n'kukathirira maluwa ndi ndowa chapansipansi, osati ndi paipi yopopera. Madzi akamatuluka bwino opanda mpweya ndiye kuti giza yadzaza, apo ayatse. Itenthe mpaka 60, ikhale choncho ola limodzi kapena kuposa, ine ndimakonda kuisiya usiku wonse. M'mawa atsegule mpope umodziumodzi madzi otentha zenizeni adutse mphindi zisanu, giza ikazizira adikire itenthenso asanapite pampope wotsatira. Mitu ya mashawa aiviike mu vinega kuti zoyera zija zisungunuke, atsukuluze bwinobwino ndi madzi, kenako aiviike m'madzi othira Jik pang'ono, atsukuluzenso. Vinega ndi Jik asaphatikize mu beseni limodzi, zimatulutsa mpweya wa klorini wopweteka mapapo. Ngati paipi yofewa ya shawa yada m'kati ingogulani ina, siyodula.

Za kuthira Jik kapena HTH m'kati mwa giza, musachite nokha. Ilipo njira yotsukira mapaipi onse ndi klorini wamphamvu koma imafuna woyeza mlingo ndi kutsukuluza bwino pambuyo pake, mukaonjeza mumawononga marabala ndi chitsulo cha giza. Panyumba wamba kutentha kumakwanira.

Mudziwa bwanji kuti giza yanu ikufikadi 60? Osakhulupirira nambala ya pa thermostat yokha, zimanama zikakalamba, komanso amisiri ena amazitsitsa kufika 45 kapena 50 mwini nyumba akadandaula za mayunitsi. Bwerani ndi ka thermometer ka kukhitchini kuchokera ku UK konko, tsegulani mpope wa otentha mphindi imodzi, tungani m'kapu muyeze. Pampope wakutali kwambiri ndi giza pafike 50 kapena kuposa, wapafupi ukhale cha kufupi ndi 60. Zikapanda kufika itanani wa magetsi kapena pulamba, chifukwa thermostat ili pansi pa kachivundikiro limodzi ndi mawaya a moto, si malo oti mnyamata azikagwiragwira ndi sikuludiraiva. Pulamba yemweyo aonenso anode ngati yatha, komanso safety valve. Ndipo ngati wina anatseka paipi ya valavu imeneyi chifukwa imadontha, itsegulidwe tsiku lomwelo, giza yotsekedwa potulukira mphamvu ndi yoopsa kuposa bakiteriya aliyense. Mumufunsenso ngati pali mapaipi osapita kulikonse, monga aja munasiyira bafa lomwe simunamalize kumanga kapena washing machine yomwe simunagule, amenewo amasunga madzi ogona ngakhale nyumba ili ndi anthu, ndi bwino kuwadula pomwe ayambira.

Koma 60 ili ndi mbali yake ina. Madzi otentha choncho amawotcha khungu kwambiri m'masekondi ochepa chabe, ana ndi okalamba ndiye msanga, ndipo odwala shuga ambiri mapazi awo samva bwino kutentha, agogo akhoza kupsa osazindikira, chilonda chake n'kuvuta kupola. Yankho si kutsitsa giza ayi. Pali valavu yosakaniza yokha madzi otentha ndi ozizira pafupi ndi bafa, mumaidziwa kuntchito kwanuko ngati TMV, imatulutsa madzi cha m'ma 40 pomwe giza ili pa 60. Muikitse kubafa la agogo. Pomwe simunaikitse, wina aziwayambira kutsegula ozizira n'kuyesa ndi dzanja.

Mukafika mwadzidzidzi, monga pa maliro, nthawi yochita zonsezi palibe, musapanikizike. Wiritsani madzi pa mbaula kapena mu ketulo, sakanizani mu ndowa, sambani ndi kapu ngati kumudzi. Kusamba kwa mu ndowa sikumwaza timadontho ngati shawa, ndiye tsiku loyamba ndi lachiwiri agogo asambe choncho pomwe giza ikukonzedwa. Kwa amene ali ndi giza ya sola, nkhani ndi yomweyi, kungoti nthawi ya mitambo kapena chiperoni cha June ndi July madzi amathera pofunda, ndiye elementi ya magetsi yothandizira izigwira ntchito. Ndipo ngati bafa lina limangogwira ntchito alendo akabwera, ganizirani shawa ija yotenthetsa madzi pomwepo yopanda thanki, bola aike wa magetsi wodziwa ntchito ndi earth yabwino. Paipi yothirira kapena yotsukira galimoto imene yagona padzuwa ndi madzi m'kati nayonso muziyamba mwaitaya madzi ake pansi musanapopere.

Za kuchipatala ndisalowerere kwambiri poti ndinu a ntchito yosamalira okalamba, koma izi zokha ndinene. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi a zaka zopitirira 50, osuta, omwa mowa kwambiri, a shuga, a impso, a matenda a m'mapapo, ndi omwe chitetezo cha m'thupi chatsika monga a khansa kapena a HIV amene sakumwa bwino ma ARV. Zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 2 ndi 10 munthu atapuma timadontho tija, nthawi zina mpaka milungu iwiri: kutentha thupi kwambiri, mutu, kuphwanya m'thupi, chifuwa, kubanika, ena kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Pali mtundu wina wopepuka wotchedwa Pontiac fever umene umangokhala ngati chimfine n'kutha wokha m'masiku ochepa, koma wa chibayowu umapha pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi odwala. Kwathu kuno thupi likatentha mu December aliyense amaganiza malungo, ndipo n'zoona kayezetseni malungo kaye, koma akapanda kupezeka, kapena munthu akubanika, musabwerere kunyumba ndi panado. Muwauze adokotala mawu awa momveka, kuti tasamba shawa m'nyumba imene inali yotseka miyezi yambiri. Zimenezi n'zofunika chifukwa amoxicillin amene amaperekedwa kawirikawiri pa chibayo sagwira Legionella, pamafunika mankhwala ena monga azithromycin kapena levofloxacin, ndipo osankha ndi adokotala, osati kukagula nokha ku pharmacy. Agogo akayamba kupuma mothamanga kapena kulankhula zosagwirizana, ndi ulendo wa kuchipatala usiku womwewo.

Inunso mukadwala mutabwerera ku Nottingham mu January, muwauze adokotala anu, a GP aja, za ulendowo ndi za nyumba yokhomayo, kumeneko amayeza ndi mkodzo ndipo zotsatira sizichedwa.